Mafunso a Owerenga: Moto wa ku Knossos, Pylos ndi Mycenae

Makalata anayi amene tikuyankha mwezi uno achokera m'madera osiyanasiyana a mzinda wa Harare, koma onse akufunsa za nyumba zachifumu zakale za pa chilumba cha Crete ndi za kumtunda ku Greece, zimene zinamangidwa ndi kuwonongeka zaka zoposa 3,000 zapitazo. Tawafupikitsa chifukwa cha kuchepa kwa malo, ndipo tawasanja motsata nthawi ya zochitikazo. Zaka zolembedwa BC ndi za Khristu asanabadwe, ndipo owerenga akumbukire kuti zaka zoterezi n'zongoyandikira, popeza akatswiri ofukula zakale amazipeza poyerekeza mapale a mbiya, makala, ndi zolembedwa za mayiko oyandikana nawo monga Egypt.

Akonzi, ndine mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale. Ndinaonetsa ana a m'kalasi langa chithunzi cha nyumba yachifumu ya ku Knossos, pa chilumba cha Crete, ya zipilala zofiira ndi makoma ojambulidwa bwino, ndipo mtsikana wina anafunsa ngati nyumba ya zaka 3,500 ingaoneke yatsopano chomwecho. Kodi zimene zili pa chithunzicho n'zakale zenizeni?
*Mphunzitsi, Highfield*

Aphunzitsi, mtsikanayo mumuyamikire, chifukwa wakhudza nkhani imene akatswiri akhala akukangana kwa zaka zambiri. Zipilala zofiirazo si zakale ayi. Ndi za konkire, ndipo anaziimika ndi Arthur Evans, Mngelezi amene anayamba kufukula malowo mu 1900, patapita zaka 22 kuchokera pamene munthu wa pachilumba pomwepo, Minos Kalokairinos, anakumbapo koyamba mu 1878 n'kupeza nkhokwe za mitsuko ikuluikulu. Zipilala zenizeni zinali zamitengo, zowonda m'munsi ndi zonenepa kumwamba, ndipo zina zinapsa, zina zinaola. Chinatsala ndi miyala imene zinakhazikikapo, ndi maonekedwe ake pa zojambula za pamakoma. Evans anali ndi chifukwa chomveka choyambira kumanga, pakuti nyumbayo inali yosanja, ndipo atachotsa dothi limene linkachirikiza masitepe ndi zipinda zam'mwamba, zonse zikanagumuka, komanso mvula inayamba kudya mwala wofewa wa gypsum umene anthu akale anakutira nawo zipinda zina. Koma m'zaka za m'ma 1920 anapitirira malire a kuchirikiza n'kuyamba kumanga zipinda zathunthu monga mmene iye ankaganizira kuti zinalili. Pamenepo ine ndimaona kuti analakwa, chifukwa mlendo wofika lero sangasiyanitse msanga chimene chinatuluka m'nthaka ndi chimene chinatuluka m'mutu mwa Evans.

Zojambula za pamakoma nazonso n'chimodzimodzi. Zimene zili pamalopo ndi zokopera, pamene zenizeni zimasungidwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya mumzinda wa Heraklion, makilomita pafupifupi 5 kuchokera ku Knossos. Mukaziyandikira mumaona kuti tizidutswa takale ndi tochepa, ndipo mbali yaikulu anaidzaza ndi amisiri ojambula amene Evans anawalemba ntchito, makamaka bambo wina ndi mwana wake, onse otchedwa Émile Gilliéron. Chithunzi chotchuka cha mnyamata wovala chisoti cha maluwa ndi nthenga chinalumikizidwa kuchokera ku zidutswa zimene akatswiri ambiri lero amati mwina sizinali za munthu mmodzi.

Komabe musawauze ana kuti zonse n'zopeka. Maziko ndi enieni, bwalo lalikulu lapakati la mamita pafupifupi 50 m'litali ndi 25 m'lifupi ndi lenileni, ndipo mpando wamwala umene anthu amautcha wachifumu udakali pomwe anaupeza. Zenizeni ndinso ngalande ndi mapaipi adongo oyendetsa madzi, mipata yolowetsera kuwala ndi mpweya m'zipinda zam'kati, ndi mzere wautali wa nkhokwe za kumadzulo kwa nyumbayo, mmene munali mitsuko ya mafuta a azitona, vinyo ndi mbewu. Nyumba zoyamba zamtunduwu zinamangidwa cha m'ma 1900 BC ku Knossos, ku Phaistos ndi ku Malia, ndipo zonse zinatsata kamangidwe kamodzi: bwalo pakati, nkhokwe, malo opembedzera ndi zipinda za amisiri mozungulira. Mayina a zipinda, monga chipinda cha mfumukazi, anapereka ndi Evans, amenenso anatchukitsa dzina lakuti Minoan, lotchulira anthu akale a ku Crete, lochokera kwa mfumu Minos ya m'nthano za Agiriki. Mpaka lero palibe chojambula cha ku Crete cha nthawi imeneyo chimene akatswiri onse amavomereza kuti ndi cha mfumu, ndipo ena amaganiza kuti nyumbazi zinali makamaka malo a miyambo, a maphwando ndi osungira chuma cha dera, olamulidwa ndi magulu a mabanja akuluakulu kapena ansembe. Ngati mukufuna kuti ana aone mabwinja monga mmene amatulukira m'nthaka, aonetseni zithunzi za ku Phaistos kapena ku Malia, kumene ofukula a ku Italy ndi a ku France anamangako zochepa kwambiri.

Akonzi, ndinaonera pulogalamu ina pa wailesi yakanema imene inati phiri linaphulika pa chilumba cha Santorini ndi kufafaniza anthu a ku Crete tsiku limodzi, ndipo inatinso kumeneko ndiko kunachokera nthano ya Atlantis, chilumba chimene amati chinamira m'nyanja. Anzanga kuntchito akuti nkhaniyi ndi yotsimikizika. Kodi n'zoona?
*Bambo wowerenga, Mufakose*

Bambo, phirilo linaphulikadi, ndipo kunali kuphulika koopsa kumene anthu sanakuonepo kawirikawiri m'mbiri yawo yonse. Cholakwika mu pulogalamuyo n'chakuti inasonkhanitsa pamodzi masoka atatu amene anachitika nthawi zosiyana. Loyamba linagwa cha m'ma 1700 BC, pamene nyumba zachifumu zoyamba zija zinagumuka, ndipo ambiri amati chinali chivomerezi. Pa Anemospilia, kummwera kwa Knossos, Yannis ndi Efi Sakellarakis anafukula mu 1979 kachisi wa nthawi imeneyo amene anagwera anthu anayi. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti anthu a ku Crete anamanganso nyumba zawo zitagwa, ndipo anamanga zazikulu ndi zokongola kuposa zoyamba.

Lachiwiri ndi kuphulika kwa phiri la Thera, limene lero timati Santorini, makilomita oposa 100 kumpoto kwa Crete. Lachitatu ndi moto wa cha m'ma 1450 BC, umene unatentha nyumba zachifumu za ku Phaistos, Malia ndi Zakros pamodzi ndi midzi yambiri. Amene analumikiza ziwiri zomalizazi ndi katswiri wa ku Greece, Spyridon Marinatos, mu 1939, ponena kuti phulusa, zivomerezi ndi mafunde aakulu ochokera ku Thera ndi zimene zinagwetsa Crete. Akulu amati kutsutsa galu n'kukumba, ndipo Marinatos anakumbadi: mu 1967 anayamba kufukula pa Akrotiri, pa chilumba cha Thera pomwepo, n'kupeza mudzi wathunthu wokwiririka m'phulusa, wa nyumba zosanja kawiri kapena katatu, zojambula za pamakoma zili zosafufutika. Mitembo sinapezekemo, ndipo zinthu zamtengo wapatali zinali zochepa, zomwe zikusonyeza kuti eni ake anachenjezedwa ndi zivomerezi zoyambirira n'kuthawa ndi katundu wawo.

Kukumba komweko ndi kumene kunafooketsa ganizo lake. Mbiya za ku Crete zinkasintha makongoletsedwe m'badwo ndi m'badwo, ndipo akatswiri amatha kuzisanja kuyambira zakale mpaka zatsopano. Mbiya zimene zinapezeka pansi pa phulusa ku Akrotiri ndi za kalembedwe kakale, pamene m'zipinda zopsa za ku Crete mumapezeka za kalembedwe kotsatira, kuphatikiza zija zojambulidwa nyama za m'nyanja monga octopus. Kuwonjezera apo, pa Mochlos ndi pa Palaikastro, kummawa kwa Crete, phulusa la ku Thera linapezeka pansi pa nyumba zimene zinamangidwa pambuyo pake, ndipo nyumba zimenezo ndi zomwe zinadzapsa cha m'ma 1450 BC. Chaka chenicheni cha kuphulikako akatswiri amasiyana nacho. Nthambi ya mtengo wa azitona imene inakwiririka m'phulusa itayesedwa ndi njira ya radiocarbon, yopimira zaka za zinthu zimene zinali zamoyo, zotsatira zimene zinalengezedwa mu 2006 zinaloza pakati pa 1627 ndi 1600 BC, pamene oyerekeza ndi mbiri ya Egypt amakonda zaka zoyandikira 1500 BC. Ngakhale titatenga chaka cha 1500 BC, pakati pa phiri ndi moto panadutsa mibadwo pafupifupi iwiri.

Tsono anayatsa motowo ndani? Apa m'pamene ndimapempha owerenga kuti ayang'ane zimene zinapsa ndi zimene zinasiyidwa. Pa Myrtos Pyrgos nyumba yaikulu ya pamwamba pa chitunda inapsa, koma nyumba za anthu wamba zozungulira sizinapse. Pa Palaikastro chifanizo cha mnyamata chopangidwa ndi minyanga ndi golide chinaphwanyidwa, zidutswa zake n'kumwazikana m'kati ndi kunja kwa nyumba imene chinkasungidwamo, ndipo ambiri amaona kuti panali dzanja la munthu wokwiya. Nyumba yachifumu ya ku Knossos inapulumuka, ngakhale kuti nyumba zina zoyandikana nayo zinawonongeka. Chivomerezi sichisankha chotero, ndipo mafunde a m'nyanja sakanafika ku Phaistos, imene ili pa chitunda kummwera kwa chilumbacho. Pambuyo pa motowo tikupeza ku Knossos alembi akulemba m'Chigiriki, chinenero cha anthu a kumtunda, ndipo pafupi ndi mzindawo pakuoneka manda a amuna oikidwa ndi malupanga ndi mikondo. N'chifukwa chake ambiri amati anthu a ku Mycenae, mzinda wa kumtunda ku Greece, analanda chilumbacho.

Pali umboni umodzi umene umavuta ganizo la adani obwera kudzafunkha. Ku Zakros, kumene Nikolaos Platon anayamba kufukula mu 1961, chuma chinapezeka chili m'malo mwake, minyanga ya njovu yathunthu, zigulu za mkuwa ndi ziwiya zamwala zosemedwa mwaluso, ndipo wofunkha sasiya zinthu zotere. Jan Driessen ndi Colin Macdonald anafotokoza njira ina, yakuti kuphulika kwa phiri kunasokoneza ulimi, malonda ndi chikhulupiriro cha anthu mwa atsogoleri awo, kotero kuti m'zaka zotsatira mabanja anayamba kutseka makomo ena a nyumba zawo, kusunga chakudya paokha ndi kubisa ziwiya zamkuwa, mpaka nkhondo ya pachiweniweni inabuka, ndipo anthu a kumtunda anadzalowa pamene chilumba chinali chitagawanika kale. Ine ndimaona kuti kufotokoza kumeneku kumagwirizana ndi umboni wochuluka kuposa ena onse, chifukwa kumapatsa phiri gawo lake popanda kulisenzetsa mlandu wonse. Za Atlantis, nthanoyo inalembedwa ndi Plato, katswiri wa nzeru wachigiriki, patapita zaka zoposa 1,000, ndipo palibe chofukulidwa chilichonse chimene chimailumikiza ndi Crete.

Akonzi, ine ntchito yanga ndi youmba njerwa. Mwana wanga anandiwerengera kuti anthu akalewo ankalemba pa dongo ndipo zolembazo zilipo mpaka lero. Ndikudziwa ine kuti chidina chosaotcha mvula imodzi imachisungunula. Nanga dongo lawolo linakhala bwanji zaka zonsezi, ndipo analembapo zotani?
*Mayi wowerenga, Epworth*

Mayi, mwayankha kale theka la funso lanu. Mapale awo olembapo anali ngati zidina zanuzo: ankangowaumitsa, sankawaotcha, ndipo zikuoneka kuti chaka chikatha ankawanyowetsa n'kuumbanso ena. Amene tili nawo lero ndi okhawo amene anali m'zipinda tsiku limene nyumba zachifumu zinapsa, chifukwa moto wowononga uja, wokolezedwa ndi mitanda yamitengo ya m'makoma ndi mafuta a azitona a m'nkhokwe, unawaotcha n'kuwalimbitsa. Kumene kunalibe moto zolemba zinasungunuka. N'chifukwa chake mapale a nyumba iliyonse amanena makamaka za miyezi yomaliza nyumbayo isanapse.

Evans anapeza mapale zikwi zingapo ku Knossos ndipo anasiyanitsa malembedwe awiri, amene anawatcha Linear A ndi Linear B. Loyambalo, limene anthu a ku Crete ankagwiritsa ntchito moto wa 1450 BC usanachitike, silinawerengedwebe mpaka lero. Mu 1939 Carl Blegen wa ku University of Cincinnati anayamba kukumba pa Pylos, kummwera chakumadzulo kwa Greece, ndipo tsiku loyamba lomwelo anagwera m'chipinda chosungira zolemba, mmene anatulutsamo mapale a Linear B pafupifupi 600 chaka chimenecho. Pomaliza pake anapitirira 1,000. Mayi wina wa ku New York, Alice Kober, anagwira ntchito yaikulu yosanja zizindikirozo n'kuonetsa mmene mawu ake amasinthira kumapeto, koma anamwalira mu 1950 asanaone zipatso zake. Mu 1952 Michael Ventris, Mngelezi amene ntchito yake inali yojambula mapulani a nyumba, anatsimikiza kuti chinenerocho chinali Chigiriki chakale, ndipo John Chadwick anamuthandiza kumaliza ntchitoyo.

Amene ankayembekezera nkhani za nkhondo ndi mayina a mafumu anakhumudwa, pakuti mapalewo ndi kaundula wa chuma basi. Mulibe kalata, mulibe ndakatulo, mulibe mbiri. Koma ine ndimawaona kuti ndi amtengo wapatali chifukwa cha kuuma kwawo komweko, poti mlembi wowerengera nkhosa alibe chifukwa chokometsera nkhani. Ku Knossos alembi ankatsata nkhosa pafupifupi 100,000 ndi ubweya wake, ndipo ng'ombe zina zolima anazilemba ndi mayina ake. Ku Pylos analemba minda ndi eni ake, amisiri osula mkuwa mazana angapo ndi kuchuluka kwa mkuwa umene aliyense anapatsidwa, mafuta onunkhira, mawilo a magaleta, ndi nsembe zopita kwa milungu monga Poseidon ndi Zeus. Analembanso magulu a amayi oluka nsalu ndi opera mbewu pamodzi ndi ana awo, amene ankalandira phoso la mbewu ndi nkhuyu mwezi ndi mwezi. Ena mwa amayiwo amatchulidwa ndi malo akutali kutsidya kwa nyanja, monga Miletus, Knidos ndi Lemnos, ndipo akatswiri ambiri amati anali akapolo ogulidwa kapena ogwidwa pa nkhondo. Nsalu zimene zinalemeretsa nyumba yachifumu zinatuluka m'manja mwa amayi amenewa, ndipo wofuna kumvetsa kugwa kwa nyumbazi asawaiwale.

Akonzi, bambo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kuno, ndipo ine ndinakulira ku Mbare. Pa unyamata wathu tinkauzidwa kuti Great Zimbabwe inamangidwa ndi alendo ochokera kutsidya kwa nyanja, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti linali bodza. Tsopano mdzukulu wanga akuti mizinda ya Mycenae ndi Pylos inawonongedwa ndi alendo otchedwa anthu a m'nyanja. Kodi si khalidwe lomwe lija lokankhira chilichonse kwa alendo?
*Agogo owerenga, Mbare*

Agogo, kukayika kwanu kuli ndi maziko, ngakhale kuti nkhani ziwirizi si zofanana m'zonse. Bodza la Great Zimbabwe linali ndi cholinga cholanda Aafirika ulemu wa ntchito ya makolo awo, ndipo linapitirizidwa ngakhale David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 atafukula n'kuonetsa kuti omanga anali anthu a m'dziko lino. Nkhani ya alendo owononga Greece ilibe chiwembu choterocho, koma imachokera ku chizolowezi chofanana cha akatswiri a nthawi imeneyo, choti chinthu chachikulu chikasintha amayamba ndi kufunafuna mtundu watsopano umene wafika.

Tiyambe ndi zimene nthaka ikuonetsa. Mycenae inatchuka mu 1876 pamene Heinrich Schliemann anafukula manda odzaza golide, n'kupezamo chophimba nkhope chimene anthu amachitcha cha Agamemnon, ngakhale kuti mandawo ndi a zaka za m'ma 1500 BC, kale kwambiri nthawi ya nthano za mfumu imeneyo isanafike. Nyumba zachifumu zenizeni za ku Mycenae, Tiryns, Pylos ndi Thebes ndi za pakati pa 1400 ndi 1200 BC. Zinasiyana ndi za ku Crete chifukwa pamtima pake panali chipinda chachikulu cha mfumu, chokhala ndi malo osonkhapo moto ozungulira pakati, zipilala zinayi ndi mpando kukhoma. Cha m'ma 1250 BC anthu a ku Mycenae anakulitsa linga lawo la miyala ikuluikulu n'kumanga chipata chotchuka cha mikango iwiri, ndipo pofika cha m'ma 1200 BC anaboola masitepe apansi pa linga opita ku chitsime chobisika. Ku Tiryns ndi ku Athens anachitanso zofanana pofuna kuteteza madzi. Anthu amene amatero amakhala akuyembekezera kuzingidwa. Ku Pylos mapale ena amatchula alonda pafupifupi 800 oikidwa m'mbali mwa nyanja, ena amatchula opalasa ngalawa mazana angapo, ndipo lina limanena zosonkhetsa mkuwa wa m'makachisi kuti asulire nsonga za mikondo. Ena amati amenewa ndi makonzedwe a nkhondo imene inali pakhomo, ena amati ndi ntchito za chaka ndi chaka, chifukwa tilibe mapale a zaka zam'mbuyo oti tiyerekeze nawo. M'zaka zoyandikira 1200 BC nyumba zonsezi zinapsa, ndipo ya ku Pylos sinamangidwenso.

Alendo oyamba kuimbidwa mlandu anali Adoriya, mtundu wa Agiriki umene nthano zimati unatsika kuchokera kumpoto, koma ofukula sanapeze zida, manda kapena midzi yokwanira kusonyeza khamu latsopano pa nthawi imeneyo. Anthu a m'nyanja amene mdzukulu wanu akunena timawadziwa kuchokera ku Egypt, makamaka pa makoma a kachisi wa ku Medinet Habu, pamene Farao Ramesses III analemba kuti anawagonjetsa m'chaka chachisanu ndi chitatu cha ufumu wake, cha m'ma 1177 BC. Zolembazo zimatchula mayiko amene akuti anagwa m'manja mwawo, monga dziko la Ahiti, Carchemish ndi Alashiya, koma sizitchula Mycenae kapena Pylos. Komanso m'mizinda ya Afilisti, amene anali mmodzi mwa magulu amenewa, monga Ashdod ndi Ekron, munapezeka mbiya zoumbidwa komweko koma motsata kaumbidwe ka ku Mycenae, zomwe zikupangitsa ambiri kuganiza kuti ena mwa anthu a m'nyanjawo anali othawa kwawo kuchokera ku dera lomwelo la Aegean, nyanja ya pakati pa Greece ndi Turkey. Ngati zili choncho, ndiye kuti iwo anali zotsatira za kugwako koposa kukhala oyambitsa.

Ena anati n'chivomerezi, ndipo Klaus Kilian, amene anafukula ku Tiryns, anapeza mafupa a anthu pansi pa makoma ogwa. Koma taona kale kuti ku Crete chivomerezi cha 1700 BC sichinaletse anthu kumanganso. Ena anati n'chilala, monga anayambira kunena Rhys Carpenter mu 1966, ndipo mungu wa zomera wotengedwa m'matope a pansi pa nyanja za ku Cyprus ndi ku Galileya ukusonyezadi kuti nyengo inauma m'zaka zimenezo, pamene zolemba za ku Egypt zimati Farao Merneptah anatumiza tirigu ku dziko la Ahiti pa nthawi ya njala. Palinso nkhani ya malonda. Mkuwa wolimba wosulira zida unkafuna kopa ndi tini, ndipo tini ankachokera kutali. Chombo chimene chinamira pa Uluburun, kugombe la Turkey, cha m'ma 1300 BC, chinanyamula matani 10 a kopa ndi tani imodzi ya tini, zomwe zikusonyeza kukula kwa malondawo. Pamene Hattusa, likulu la Ahiti, ndi doko la Ugarit ku Syria zinagwa m'zaka zomwezo, njira zimenezi zinaduka.

Nyumbazi sizinagwenso chaka chimodzi. Pa Agios Vasileios, pafupi ndi Sparta, pamene mapale a Linear B anayamba kupezeka mu 2008, nyumba yaikulu inapsa zaka zambiri Pylos isanapse, ndipo ulamuliro wa ku Knossos nawonso unagwidwa ndi moto m'zaka za m'ma 1300 BC. Khamu limodzi la adani silingafotokoze masoka otalikirana chotero. Maganizo anga, Agogo, ndi akuti funso lolemera koposa ndi lakuti n'chifukwa chiyani anthu sanamangenso, ndipo yankho lake lili m'mapale aja. Ulamuliro umene unkasonkhetsa ubweya, mkuwa ndi mbewu, n'kudyetsa mazana a antchito kuchokera m'nkhokwe zake, n'kukokera anthu kukanyamula miyala ya malinga, unkadalira zokolola zabwino ndi zombo zofika pa nthawi yake. Mvula itachepa ndi malonda ataduka, moto wochokera kwa aliyense, kaya mdani wa kutsidya kwa nyanja, kaya mfumu yoyandikana nayo, kaya anthu ake omwe otopa ndi msonkho, unali wokwanira kuuthetsa, ndipo alimi a m'midzi analibe chifukwa chouukitsira. Phulusa limatiuza kuti nyumba inapsa ndi nthawi imene inapsa, koma kawirikawiri silitchula woyatsa, choncho wokuuzani motsimikiza kuti anali alendo akunena zoposa umboni.

Anthu eni ake sanathe. M'dera la Messenia, lozungulira Pylos, midzi inachepa kwambiri, koma ku Tiryns mudzi wa kunsi kwa linga unapitirira ndipo unakula m'zaka za m'ma 1100 BC, pamene atsogoleri atsopano anamanga nyumba yopapatiza m'kati mwa mabwinja a chipinda chachikulu chakale. Ena anasamukira ku Achaea, dera lina la Greece, ku zilumba ndi ku Cyprus. Chigiriki chinapitirira kulankhulidwa, ndipo Zeus ndi Poseidon anapitirira kulandira nsembe. Zimene zinatha ndi zokhazo zimene zinkatumikira nyumba yachifumu, monga zojambula za pamakoma, malinga aakulu ndi ntchito ya alembi. Ku Greece kunalibenso wolemba kwa zaka pafupifupi 400, mpaka m'zaka za m'ma 700 BC pamene Agiriki anatengera zilembo kwa Afoinike n'kuwonjezeramo mavawelo.